Ndinanyamula Kamba Kupita Kundende Yopanda Akaidi

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji masiku ano? Ine ndilipo, kupatula bondo lakumanzereli limene limadana ndi kuzizira kwa kuno ku Glasgow. Akundilembera kalatayi ndi mdzukulu wanu Tiyamike, pakuti mukudziwa kuti ine sukulu ndinasiya cholembera chisanazolowere dzanja langa. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asachotsepo kanthu, ngakhale pamene pakumuchititsa manyazi.

Ndiyambe ndi zabwino. Tiyamike anabereka mwana wamkazi chaka chatha, ndipo tinamutcha dzina lanu, Elube. Kakamwa ndi kanu, kakwiyidwe ndi kanu komwe. Mwana wake wamkulu uja, Mphatso, ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji amandiyankha m'Chingerezi cha kuno, chimene ngakhale Angerezi eniake amapempha kuti chibwerezedwe. Kadimba kathu ka kuseri kwa nyumba, m'dera lathu lino la Dennistoun, kanatipatsa mpiru wambiri, koma maungu anangobereka masamba. Ndinadya nkhwani, sindinadandaule.

Tsopano nkhani yeniyeni. Yamikani, chitsiriza wanga uja munamusiya akukwawa, amagwira ntchito pakati pa nyanja, kukonza zimakina zamphepo zopangira magetsi. Kale ankaimba foni Lamulungu lililonse. Miyezi yapitayi foni inayamba kusowa. Ndikafunsa, Tiyamike ankati netiweki ya panyanja ndi yovuta. Koma ndinkawaona iye ndi mwamuna wake, bambo a Mphatso, akunong'onezana kukhitchini. Ine ndikangolowa, ankayamba kukamba za mvula.

Tsiku lina Tiyamike anati, "Mami, pa tsiku lanu lobadwa tikupita nanu ku Ireland. Tikaonanso ndende ina yake ili pachilumba."

Ndinafunsa kuti, "Ndende? Muli ndani?"

"Mulibe munthu, Mami. Inatsekedwa kalekale. Pano ndi myuziyamu, anthu amangopita kukaona zakale."

Pakamwa ndinati chabwino, koma mumtima sindinakhulupirire. Amayi, ndani amasangalatsa mayi wake pomuonetsa ndende? Ine ndine mwana wa ku Ntcheu, ndikudziwa mmene nkhani yoipa imayendera. Tsiku lija amalume a Jelasi anandipeza ku Ndirande, anati, "Amayi ako akudwala pang'ono, akufuna akuone." Ndinagula malalanje ndi shuga. Nditatsika basi ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu wolowera kwathu. Ndiye pamene Tiyamike ananena kuti mulibe munthu, ndinadziwa kuti muli munthu, ndipo munthuyo ndi Yamikani.

Sindinalire pamaso pawo. Sindinawauzenso amayi anzanga a kutchalitchi, chifukwa mayi a Chisomo akamva nkhani m'mawa, masana yafika kale ku Lilongwe. Ndinangopempha kuti andipempherere za bondo.

Ndinakumbukira chaka chija atate anatsekeredwa chifukwa chosowa khadi ya chipani. Munkanditenga popita kukawaona, ndipo munkati, "Esinala, kundende sitipita chimanjamanja, komanso sitipita titavala nsanza. Angaganize kuti munthuyo alibe abale." Choncho m'sutikesi ndinaikamo bulangete, sopo, mafuta odzola ndi mtedza wokazinga. Titafika ku Ireland, m'nyumba imene tinagonamo ndinalawirira kukazinga nkhuku ndi mandasi. Bambo a Mphatso anati, "Amayi, musavutike, kumeneko kuli pogulitsira tiyi ndi makeke." Ndinati mumtima, mkamwini wanga ndi waulemu, akundibisirabe. Ndinavala suti yanga ya chitenje ya paukwati wa Tiyamike ija, duku n'kumanga mokweza.

M'boti munali azungu ambiri, ena ndi makamera, akuseka, ana akunyambita ayisikilimu. Ndinawayang'ana m'manja mmodzimmodzi. Panalibe wonyamula ngakhale nthochi. Ndinawamvera chisoni abale awo amene ankapita kukawaonawo. Mayi wina wachikulire anakhala pafupi nane, akuyang'ana chilumbacho mwachete. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza m'Chingerezi changa chochepachi kuti alimbe mtima, wakeyo adzatuluka. Anandithokoza bwinobwino, kenako anasamukira pampando wina.

Pachipata panali bambo wovala yunifolomu akuona matikiti. Ndinachita monga munkachitira inu pamaso pa alonda aja. Ndinaika chikwama pansi, ndinatsegula kontena, ndinabenthula ntchafu ya nkhuku n'kudya iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe mankhwala. Ndinalumako ndasi. Ndinatafunako mtedza. Bamboyo anangoti kukamwa yasa.

Tiyamike anandikoka chitenje. "Mami, mukutani? Mzere wonse ukudikira inu!"

"Ndikulawa. Ukufuna achibweze chakudyachi?"

Bamboyo anandifunira kudya kwabwino, n'kundilozera mabenchi amene anali pakapinga.

Tinalowa m'chinyumba chamiyala chozizira ngati filiji, chokhala ndi zitseko zachitsulo uku ndi uku. M'chipinda choyamba munali munthu atakhala pakama osagwedezeka. Ndinamupatsa moni mwaulemu, osayankha. Tiyamike anati ndi chidole. Ndinati mumtima, mwina chimenechi ndi chidoledi, koma tiyeni. Titafika kumapeto, Tiyamike anatulutsa foni n'kuyamba kundijambula, nati, "Mami, tasuzumirani umo."

Ndinasuzumira. Yamikani! Wagwira zitsulo ndi manja onse awiri, ndevu zili nyankhalala, akuseka. Anakuwa kuti, "Sapulayizi, Mami!"

Amayi anga ine! Ndinakhala pansi ndi suti yanga yomweyo n'kulira maliro enieni a kwathu. Ndinatchula atate, ndinatchula inu. Ndinati, "Mwana wanga, unasowa chiyani kwathu? Waba chiyani? Ukusekanso, mutu wayamba kale kusokonekera!" Azungu anatizungulira ndi makamera awo, akuyesa kuti ndi sewero la pamalopo. Bambo wina mpaka anawomba m'manja.

Yamikani ataona kuti zavuta anangokankha chitseko, pakuti chinalibe ndi loko yomwe, n'kutuluka kudzandidzutsa. Ndinamukankhira komweko. "Bwerera msanga, iwe! Akakuona akuwonjezera zaka!"

Zinatenga nthawi kuti andikhazike mtima pansi. Anandifotokozera kuti iye anawoloka ndi boti loyambirira kuti adzandidabwitse, ndipo zonong'onezana za kukhitchini zija zinali zokonza ulendowu. Anandiyendetsa m'zipinda zonse kuti ndione ndekha kuti mulibe wamoyo. Nditakhutira ndinatulutsa bulangete lija n'kumukwapula nalo kumsana, azungu akujambulabe. Kenako ndinamukhazika pabenchi panja. Mkaidi kapena ayi, nkhuku inali yake, ndipo anaimaliza ine ndikumuyang'ana.

Tisananyamuke ndinatuma Tiyamike kuti akawafunse bambo a matikiti aja kuti kale amayi a akaidi ankawoloka bwanji madzi onsewa ndi chakudya. Anayankha kuti ambiri sankaonedwa ndi aliyense, ndipo ena anaikidwa m'manda pachilumba pomwepo. Ndinakuonani inu m'maso mwanga, dengu lili pamutu, mapazi atayera ndi fumbi, mukupita kwa atate. Ndinatsegulanso chikwama. Mandasi otsala ndinawapatsa bambowo, ndipo ulendo uno analawa ndi iwo.

Pobwerera m'boti ndinawasonkhanitsa onse atatu. Ndinati, "Tamverani, ana inu. Kuyambira lero nkhani iliyonse muzindiuza mwachindunji. Zozungulirazi zinandinyamulitsa malalanje kupita kumaliro a amayi anga, lero zandiliritsa pamaso pa azungu. Ndakula, ndikhoza kumva chilichonse."

Yamikani anayang'ana mlongo wake, anatsokomola, nati, "Chabwino, Mami. Netiweki inalibe vuto. Ndili ndi chibwenzi, mtsikana wa ku Gorbals, ku Glasgow komweko, dzina lake Morag. Ali ndi pakati. Tikufuna kumanga ukwati."

Ndinagwiritsa chitsulo cha boti. Ndinati, "Iwe, wopanda mwambo! Nkhani yotere amangoiponya chonchi ngati mwala? Ukanayamba wawaimbira amalume ako, iwo n'kudzandiuza ine pang'onopang'ono!"

Pano Tiyamike akuseka mpaka wagwetsa cholembera. Ndamuuza kuti atole, sitinamalize.

Mtsikanayo ndamuona, Amayi. Ndi wamtali, watsitsi lofiira, ndipo kugwada kumamuvuta, amachita ngati akufuna chinthu chimene chagwera pansi pa tebulo. Koma amayesetsa, nkhwani wanga anadya n'kupempha wina. Chachikulu n'chakuti mwana wanga ali panja, akugona pabedi lake, ndipo foni yayambanso kulira Lamulungu. Yamikani anawaimbira amalume ake, ngakhale mochedwa, ndipo iwo anandiimbira ine n'kuyamba kundifunsa za bondo ndi za mvula ya kuno. Ndinawasiya azungulire mpaka anafika, ine n'kudabwa monga kuyenera.

Mwana akabadwa n'kulimba khosi, ndikulonjeza kuti ndidzabwera nawo onse ku Ntcheu kudzasesa pamanda panu. Ndakuuziranitu mwachindunji, kuti mukadzaona mzungu watsitsi lofiira atagwira tsache kumutu kwanu, musadzadzidzimuke. Ndi mpongozi. Mupereke moni kwa atate, muwauze kuti kulawa kuja sindinaiwale.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esinala