Madokotala Anamwa Madzi a M'botolo

Bajada del Molle, Neuquén
14 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Eusebio,

Nsapato zimene munatumizira mwana wanga Rayén zinafika, ndipo zamukwana ngati munachita kumuyeza phazi. Sanazivalebe kusukulu chifukwa sabata yonseyi ali pakhomo. Magazi a m'mphuno aja ayambiranso, ndipo tsopano akumabwera ndi chifuwa.

Zitsime za gasi zimene munazisiya kutsidya kwa mtsinje zija zawoloka. A kampani ya gasiyo akamapopera madzi awo a mankhwala pansi kuti aswe miyala, makapu amalira okha m'kabati. Khoma la kuchipinda kwa mayi linang'aluka mpaka dzanja kumalowa. Madzi a pachitsime chathu ngakhale mbuzi zimangonunkhiza n'kutembenuka. Tinadandaula mpaka mawu kusasa, ndipo potsiriza boma linati litumiza madokotala ayendere nyumba zathu, kenako tidzalankhule pamsonkhano, lisanalole kampani kukumba chitsime china kuseri kwa khola lathu lenilenilo.

Tsono mayi athu mukuwadziwa. Atangomva kuti kukubwera alendo a mumzinda, anayamba kusakasaka laimu. Ndinati, “Mayi, musamate ming'aluyo. Akubwera kudzaona yomweyo.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndiye adzaone kuti mkazi wa malemu Quilaleo amagona m'phanga ngati khoswe? Iwe manyazi unawasiya kuti?”

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma ine ndili kuntchito kukhitchini ya sukulu, iwo anaitana a Froilán, neba wathu uja, n'kumata khoma lonse, kulipaka mbee. Tsiku la alendo anagula madzi a m'botolo, poti mlendo sungamumwetse zonunkha. Anakazinga buledi. Rayén anamutumiza kwa azakhali kumtunda, akuti mwana wotuluka magazi pamaso pa anthu akudya si ulemu. Madokotala anakhala pansi pa mtengo wa mphesa, chikho cha tiyi wathu wa yerba chikuzungulira, n'kumayamikira kuti pakhomo pano m'paukhondo. Si mayi okha ayi. Mudzi wonse unayera sabata imeneyo ngati tikulandira bishopu.

Msonkhano unachitika Loweruka muholo ya sukulu. A kampani anakhala mbali yawo ndi malaya ositidwa, ife mbali yathu. Aliyense anapatsidwa kanthawi kochepa, belu likalira ukhale pansi. A Froilán kanthawi kawo konse anathera kupereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi, belu linalira asanafike pa nkhani ya mbuzi zawo zimene zikubereka ana akufa. Wina kumbuyo anati, “Amalume, mwaiwala kulonjera belulo.” Anthu anaseka, ine ndinalephera.

Itafika nthawi yanga ndinanena zonse, za khoma, za madzi, za mwana wanga. Dokotala wamkulu, mayi waulemu wake ndithu, anafunsa dzina la banja lathu. Kenako anati, “Pepani mayi, kunyumba kumeneko tinafikako. Makoma ndi abwinobwino, madzi tinamwa tokha, ndipo mwana wodwala sitinamuone.” Sankanama, achimwene, ndipo n'chimene chikundipweteka.

Dokotalayo anatembenukira kwa mayi athu. “Agogo, munatilandira ndinu. Pali chimene sitinaone?”

Ndinawagwira mkono n'kuwanong'oneza kuti, “Nenani, mayi, chonde. Nenani za Rayén.” Anaimirira, anakonza mpango wawo, anayang'ana anthu onse aja, apongozi awo, abusa, a kampani. Ndipo anati, “Munadya bwino kwathu. Mudzabwerenso.” Basi anakhala pansi.

Kuchokera tsikulo ine ndi mayi sitilankhulana kwenikweni. Ndawakwiyira, sindibisa, komanso ndikuwamvera chisoni, chifukwa ndimawapeza ataima pakhomo la chipinda cha Rayén akumvetsera mmene akupumira. Chigamulo akuti chituluka mwezi wamawa, koma dzulo anyamata a kampani anabwera kale kudzakhoma zikhomo zofiira kuseri kwa khola. Kuchokera pazenera la Rayén ndikutha kuziwerenga. Ndinapita kukapempha kuti madokotala abwerenso, ndinauzidwa kuti nthawi yomvera maganizo a anthu inatsekedwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mutengeni Rayén akakhale nanu ku Rosario makina asanafike. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yaing'ono ndipo alamu ali ndi khanda, koma mwanayu sadya zambiri, amatsuka mbale osatumidwa, ndipo usiku akayamba kutsokomola mungomukhazika tsonga. Sanagonepo kutali ndi ine chibadwire. Sindinamuuze. Mukavomera, mudzamuuze ndinu pafoni kuti ndi tchuthi chabe, inu amakukhulupirirani. Ine nditsala, sindingasiye mayi ndi mbuzi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Nélida, mumupsompsone khandalo m'malo mwanga. A Froilán akuti musawaiwale. Rayén akuti zikomo, adzavala nsapatozo tsiku limene adzachire. Mayi andiona ndikulemba, ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni. Ayang'ana kuzenera. Akuti ndikuuzeni kuti kuno tonse tili bwino.

Ndine mlongo wanu,
Herminia