Nyimbo Imene Ndinkaitsitsa

Lolemba, 3 Juni

Pulakatisi ya sewero. Holo yomweyo, mipando yafumbi. Zala ziwiri za kumanja zauma kuyambira m'mawa. Nyamakazi, atero adokotala. Zaka makumi atatu ndikuimba piyano m'mahotela anthu akutafuna, lero akuti ndine wopeka nyimbo za sewero. Dzina lakula, dzanja latha.

Nyimbo yomaliza akuimba ndi akazi anga. Pamapeto pali malo amodzi okwera kwambiri. Sakufikapo. Wotsogolera sewero, a Wotchi (diso lawo silichoka pamkono), alemba kanthu m'kabuku. Pali mayi wina wodikira kulowa m'malo, nyimbo analoweza kale.

Lachinayi, 6 Juni

Ndaitsitsa nyimbo ija sitepe imodzi, osauza munthu. Ndi ya piyano yokha, palibe wa gitala woti andiulule. Mayi a kunyumba afikapo, movutikira. A Wotchi sanatsegule kabuku.

Lachiwiri, 11 Juni

Loweruka ndinatsitsanso. Lero kachitatu. Mayi akuti mawu abwerera chifukwa cha madzi otentha a mandimu amene akumwa m'mawa uliwonse. Agula mandimu thumba lonse. "Mwaona abambo, paja mumati ndakalamba." Sindinanenepo zimenezo. Ndangoti eya.

Ayambanso kuimba potsuka mbale, zomwe anasiya chaka chatha. Ndakondwa. Manyazinso andigwira.

Lachisanu, 14 Juni

Adokotala: dzanja lipume mwezi ndi theka, piyano ayi. Sewero likuyamba pa 28. A Wotchi apeza a Magalasi, mphunzitsi wa nyimbo wopuma pantchito. Munthu woimba chilichonse cholembedwa. Ntchentche itatera papepala akhoza kuiimbanso. Ndawapatsa mapepala onse.

Mvula pobwerera. Nsapato ya kumanzere ikulowa madzi.

Lolemba, 17 Juni

Ine mapepala anga sindiwayang'ana, nyimbo zimakhala m'zala. Ndiye sindinakumbuke kuti papepala nyimbo ija idakali pamwamba, pomwe ndinailemba mu Januwale. Ndazindikira a Magalasi atangogunda kiyi yoyamba. Ndinali mzere wachitatu, dzanja m'thumba. Sindinadzuke.

Mayi anayamba molimba mtima, akumwetulira. Pamapeto mawu anathyoka. Anayesanso, chimodzimodzi. A Wotchi anayang'ana pamkono. "Lachisanu ndinena amene aimbe."

Panjira mayi anangoti mwina mandimu a ulendo uno ngachabe.

Lachiwiri, 18 Juni

Sindinawauze. Ndakonza chitseko cha bafa, ndi dzanja lamanzere. Chikulirabe.

Lachitatu, 19 Juni

Ndawauza, atangoika ketulo pamoto. Katatu, ndinatero, kuyambira pa 6. Anafunsa ngati a Wotchi akudziwa. Ndinati ayi. Nanga a Magalasi? Ayi. "Koma inu mumandionerera ndikufinya mandimu." Anaphula ketulo madzi asanawire.

Tsiku lonse mawu amene ndamva: "Chakudya chili patebulo apo." Mandimu apatsa aneba. Ndinkati ndikuwateteza. Zaka zonsezi ntchito yanga inali yobisira woimba zolakwa, anthu asamve. Sindinaganize kuti mwini khosi ayenera kumva.

Lachinayi, 20 Juni

M'mawa ndapeza mapepala osalemba ndi pensulo pamwamba pa piyano yathu. Mayi ataima pakhomo la chipinda, manja m'chiuno.

"Lembani pamene mawu anga ali, osati pamene anali. Mawa muwapatse a Wotchi ndi dzanja lanu, ine ndili pomwepo. Akandichotsa, andichotse ndikudziwa chifukwa chake."

Ananyamuka, n'kubwereranso.

"Ndipo mutsitsenso kamodzi. Ngakhale paja ndimafikapo chonyanyamphira."

Masamba asanu ndi anayi. Pensulo ndaipanira ndi chala chachikulu ndi chachinayi, manotsi okhota ngati mapazi a nkhuku. A Magalasi adzaona okha. Ndili tsamba lachitatu, dzanja likuyaka moto.

Mayi akuyeserera kukhitchini, popanda piyano, mawu okuya, osathamanga. Ndasiya kulemba, ndamvetsera mpaka kumapeto. Nyimboyi ndinapeka ndine, miyezi isanu ndikuigunda, koma sindinkadziwa kuti malo ake ndi pansi pamenepo. A Wotchi mwina avomera, mwina ayi.

Mayi akundiitana. Akuti ndiwagundire kiyi yoyambira, yeniyeni, ya pamene mawu awo ali.