Panado Amene Anabisa Kutentha kwa Rosie

Chonde, Mulanje

Okondedwa achimwene a Bonface,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko, inu ndi alamu. Kuno mvula yayamba ndipo tiyi waphukira, koma pakhomo palibe mtendere. Ndalemba chifukwa pafoni mawu amandithera. Kalatayi ndiijambula n'kukutumizirani kuti isachedwe. Nkhani ndi ya Rosie, mwana wa mng'ono wanga Esteri.

Mukudziwa kuti Rosie akulandira mankhwala a khansa ku Blantyre, ndipo chotupa cha patsaya chija chinaphwa. Mundilole ndifotokoze monga namwino. Mankhwalawa akamapha khansa amaphanso asilikali a m'magazi. Mwana wotere akatentha thupi sitiganizira malungo okha, chifukwa tizilombo timene mwana wina angalimbane nato, iye tikhoza kumutenga tsiku lisanathe.

N'chifukwa chake chaka chino madokotala a ana anatiitana ife a m'zipatala zing'onozing'ono kuti tikonze ndondomeko imodzi. Tinagwirizana kuti mwana wa khansa akafika atatentha thupi asaime pamzere, abayidwe jakisoni wopha tizilombo pomwepo, kenako atumizidwe ku Blantyre. Ine ndinayankhula kwambiri pamisonkhanoyo, ndipo ndondomekoyo ndinaimata pakhoma ndi manja angawa.

Sabata yatha Rosie anadzuka atatentha thupi, Esteri akukonzekera kukathyola tiyi. Esteri anachita zimene amayi athu ankatichitira: anagula panado pa okala, n'kumumwetsa, kenako n'kumubereka kubwera naye kuchipatala kwathu. Ine ndinali kusikelo ya kumudzi. Mnzanga anamuyeza, thupi lili lozizira, mwana akuseka. Malungo sanapezeke. Iye sanafunse za panado, Esteri naye sanaone chifukwa chonenera. Ndondomeko yathu imayamba ndi mawu akuti thupi likatentha, choncho anawabweza kunyumba.

M'mawa mwake Rosie sankatha ndi kudzutsa mutu komwe.

Panopa ali ku Blantyre, pa diripi ndi makina othandiza kupuma. Adokotala akuti tizilombo talowa m'magazi, ndipo tingodikira.

Sindikuloza munthu chala, achimwene. Tonsefe, ndi sukulu zathu zomwe, tinayambira ndondomekoyo pachitseko cha chipatala, pomwe matenda amayambira kunyumba, pafupi ndi okala. Ndawauza akuluakulu kuti tiwonjezere funso la panado, komanso tiziwachenjeza makolo asanatuluke m'wodi. Avomera. Zidzathandiza ana a eni, koma kwa Rosie zachedwa.

Tsono chimene ndalembera ndi ichi. Esteri wasiya kudya. Akuti dzanja lake ndilo lapha mwana. Akufuna kumutulutsa m'chipatala kuti akatsirizikire pakhomo pa amayi, osati pakati pa alendo. Ine ndikumapita ku Blantyreko ndikaweruka. Ndinakhala naye pabenchi, ndikumufotokozera pang'onopang'ono kuti mankhwala amafuna masiku kuti agwire ntchito. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Achemwali, pepala lanu lija munalifotokozanso bwino chonchi."



Bambo ake a Rosie akuti iwo ndi mkamwini, sangalamule pa mwana wa eni. Amayi akungolira. Mwinimbumba ndinu, ndipo Esteri sanakanepo mawu anu chibadwire. Muimbireni, chonde. Musamukalipire za panado, wadzilanga kale mokwanira. Mungomuuza kuti malume ake a mwana akuti akhale m'chipatala.

Mundifunsa ngati Rosie achire akakhala. Sindikudziwa. Ndimayang'ana manambala a pamakina aja, ndimawamva onse, koma palibe limene ndingalisinthe. Chimene ndikudziwa n'chakuti akamuchotsa diripi, sindikhulupirira kuti akafika pa Chonde akupuma.

Mulungu akusungeni kumeneko. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Esteri wandilonjeza kuti adikira mpaka Lamlungu, ndipo foni yake ndikumaitchaja ndekha.

Ine mlongo wanu,
Ireen