Nsalu ya Kumbuyo kwa Amayi Maria

Lolemba, 11 Ogasiti

Maphunziro okonza zithunzi zakale ayamba kutchalitchi kwathu kuno ku Golomoti. Kuyamba kwake: pemphero, mawu a wapampando a Kaliati, mawu othokoza mawuwo, fanta. Chithunzi cha Amayi Maria chimene anapenta malemu bambo anga chagona pabenchi, chong'ambika pachifuwa. Palibe wachiyang'ana.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mphunzitsi, a Gerald a ku Lilongwe, ntchito amaidziwa koma amaopa fumbi. Akuti nsalu ya chithunzi ikakalamba umamata ina kumbuyo ndi phula la njuchi, n'kusita pang'onopang'ono. Ukalakwitsa umatenthetsanso, imamatuka. Abwera ndi nsalu yoyera yolimba ndi simbi yamagetsi. Magetsi kuno? Ndakatenga yanga yamakala.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Maliro a agogo a Damiano. Maphunziro kulibe.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Nsalu yoyera ija yapita kumanda! A Kaliati akuti, "Munthu angagone wopanda nsalu, ina ili phee m'tchalitchi?" Maliro sutsutsana nawo, koma mtima wandiwawa. Lamulungu chithunzi chiyenera kuyenda pa ulendo wa chikondwerero cha Amayi Maria.

Madzulo a Kaliati abweretsa chitenje. Cha kampeni, cha alamu awo a Limbani, ofuna ukhansala. Akuti kumbuyo sikuoneka.

Lachisanu, 15 Ogasiti

A Gerald akana, akananso, kenako minibasi yawo yafika, apita. Ndasita ndekha. Pong'ambika patsekeka bwinobwino. Ndalira pang'ono. Bambo ankasakaniza utoto wabuluu wa pachithunzichi m'chigoba cha sobo, ine nditawagwirira.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Phula limalowetsa kuwala. Zimenezi a Gerald sananene.

Titangotuluka nacho padzuwa, pachifuwa pa Amayi Maria patulukira nkhope ya a Limbani, mano onse panja, chala m'mwamba. Kwaya yasiya nyimbo pakati. Amayi ena agwada m'fumbi: "Chozizwitsa!" A Kaliati akuyenda m'mzere kunong'oneza anthu kuti aone okha amene kumwamba kwasankha.

Mayi anga sanagwade. Andiyang'ana n'kuti, "Ursula, bambo ako sanapente munthu ameneyu."

Chithunzi ndabwera nacho kunyumba, sindinapemphe aliyense. Mayi atulutsa m'sutikesi nsalu yoyera imene amasungira tsiku lawo lomaliza. Makala ali m'simbi, akuyaka.