Alinafe Wagwila Khutu

Kamkuyu, Ndake
Nyimba

Wokondedwa mng'ono wanga Yvonne,

Uli tyani, monga anenela anzathu a kuno? Ndikhulupilila kuti Mulungu akukusunga bwino mu Lusaka wanuyo. Nanga msana uja unali kudandaula chifukwa choimilila tsiku lonse mu saluni, waleka? Ife kuno tili bwino tonse. Alamu ako a Julio ali gwa, kungoti mimba ikukula, ati ndi ulemu. Mwana wako Alinafe ali bwino kwambili, ndipo nkhani ya kalata ino ndi iyeyo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati wakale. Foni yanga inagwela mu ndowa ku mjigo, ndipo ya a Julio imagwila netiweki pokhapo utakwela pa chulu cha kuseli kwa khola. Nkhani iyi si yokamba utaimilila pa chulu, nyelele zikukukwela. Ndapatsila a Fabian, aja amabwela ndi mbuzi kumeneko, kuti akupatse m'manja.

Mvula ikugwa bwino chaka chino, tiyamika. Chimanga chapitilila m'mawondo, thonje nalo laima bwino, udzu chabe ndiwo ufuna kutimaliza. Nshawa ndinabzala kumunda kuja kwa amai, ndipo zamela zonse.

Sukulu yathu ya pa mkuyu sungaizindikile. Paja unachoka kuli kachipinda kamodzi ka udzu. Manje kuli malata, kalasi ya mkaka ya tiana ili payokha, ndipo magiledi afika pa Foo. Njelwa tinaumba tokha makolo, ndiye tikamadutsa timayenda monyada ngati tinamanga chipatala.

Kutatsala masiku ochepa kuti atsegule sukulu tinapita tonse kukalambula. Mayo ine! Mbuzi zinagona mu kalasi ya mkaka holide yonse, fungo lake losakamba. Azimai tinasesa ndi kukolopa, azibambo anatchetcha bwalo. A Julio anadzipeleka kuchotsa mavu amene anamanga kuseli kwa bolodi. Anatuluka liwilo ngati mnyamata, akutukwana m'Chipwitikizi chao cha mau atatu chija anawasiyila agogo ao. Mpaka lelo khutu lao lina ndi lalikulu.

Pa makutu pomwepa ndiye pali nkhani. Udziwa kuti nyengo ya kupalila aliyense amafuna kusiya mwana ku sukulu tsiku lonse kuti alime bwino, pamene a mkaka amaweluka dzuwa lisanatenthe. Ndiye makolo amanama zaka kuti ana alowe Giledi Wani. Ahedi athu, bambo a Njobvu, anatopa nazo. Mwana amene ali ndi kadi ya ku sikelo amalowa bwinobwino. Amene alibe, aimilile chilili, adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwila khutu la mbali ina, monga tinachitila ife. Akalephela, abwelele ku mkaka chaka china.

Kadi ya Alinafe unapita nayo iwe m'chikwama chako, ndipo unanena wekha kuti inasowa posamuka. Zaka zake zakwana, tonse tidziwa, koma mwanayu anatenga ufupi wa amai athu.

Tsono ukumbuka mau ako pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba? Mwana anakugwila chitenje akulila, iwe n'kumuuza kuti akadzagwila khutu ngati ana a Giledi Wani udzabwela. Unali kungomutonthoza, ndidziwa. Ine ndinaiwala tisanafike ndi kunyumba komwe. Mwana sanaiwale, mwandi. Mvula ino ndi yachiwili chichokele iwe, ndipo palibe m'mawa umene anadzuka osayesa dzanja pamutu.

Anali kulendewela pa nthambi ya mango kuti mkono utalike. A Julio, m'malo momuletsa, anamuuza kuti delele ndilo limatalikitsa mikono chifukwa limakokeka. Mwana uja sanali kulawa delele anayamba kupempha lowonjezela. Ndinawakalipila alamu akowo, iwo n'kumangoseka ati mankhwala agwila.

Pa Khisimasi anabwela akuthamanga kumene ndinali kutsuka mbale, ati ndione. Kachala kapakati kanali kukhudza nsonga ya khutu, pang'ono chabe, koma kukhudza ndithu. Tsiku limenelo anaonetsa aliyense, ngakhale abusa.

Katundu wako anafika bwino: yunifomu, nsapato, ulusi wa tsitsi ndi mikanda ija ya pinki ndi yoyela. Zikomo kwambili. Chithunzi cha malukidwe unatumiza pa foni ya a Julio ndinachiyang'anitsitsa, ndinati mwana wa mluki wa mu Lusaka asakachite manyazi tsiku loyamba. Pa Sondo titachoka ku chalichi ndinakhala naye pa mphasa mpaka dzuwa kupendeka. Zala zanga si zako, koma ndinayesetsa. Tsitsi lonse ndinalikwezela pamwamba n'kulimanga pakati pa mutu ngati kachulu, mikanda ikulendewela m'mbali. Anakongola, Yvonne! Aneba anabwela kudzaona, iye akungotembenuza khosi kuti mikanda ilile.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife akuluakulu amene anaganizako za khutu.

Pa Mande kunacha ndi kamvula kowaza. Ndinamuveka pulasitiki kumutu kuti tsitsi lisanyowe, nsapato m'manja mpaka titawoloka dambo. Ku sukulu kunali anthu ngati pa msika. Tiana ta mkaka tikulila, tina titakakamila miyendo ya amao, madamu Abby amene amatiphunzitsa atanyamula kena kumsana, kena m'manja, akuimba nyimbo kuti titonthole. Mkazi uja ali ndi mtima, ine sindingathe.

Opanda makadi anaima pa mzele pansi pa mkuyu. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Wina kupendeketsa mutu, wina kuzembetsa dzanja kumbuyo kwa khosi, a Njobvu akungoti iyayi, pamwamba. Kamwana kena kakali kununkha bele, amake kulumbila kuti kali ndi zaka seveni. Ine ndinali kuseka anzanga mtima uli m'malo, poti wathu anagwila kale pa Khisimasi.

Itafika nthawi yake, Alinafe anavula pulasitiki, anthu n'kuti eee, kukongola! Anaima chilili, anakweza dzanja. Mkono unakwela pa kachulu kaja, zala n'kutsala m'malele, khutu lili kutali. Anayesanso mokanikiza, mikanda ikuchita phokoso, koma ayi ndithu.

Apo m'pamene ndinazindikila chimene manja anga anachita. Thukuta linandituluka mvula ikuwaza. Ndinapempha a Njobvu kuti alole dzanja lidutse kutsogolo kwa tsitsi, ndinalumbila kuti kunyumba amagwila. Anandiyankha mwaulemu kuti aliyense pa mzelewo akuti kunyumba amagwila, ndipo akalola mmodzi ndiye kuti alola onse. Anamusisita mwana paphewa n'kumuuza kuti chaka cha mawa si kutali. Madamu Abby anabwela kudzamugwila dzanja kuti apite naye ku mkaka.

Ndinayembekezela kulila, koma mwana wako sanalile. Anachotsa dzanja lake mwa madamu, anayang'ana ahedi m'maso n'kuwauza kuti mkono ulibe mlandu, mlandu ndi wa tsitsi. Kenaka anatembenukila kwa ine ati ndimumasule.

Ndisakunamize, ndinazengeleza. Ndinaganiza za iwe, mmene unayendela m'mashopu kusankha mikanda ija, ndi msana wanga wa pa Sondo. Ndili chiganizile, iye anagwila mfundo ya pamwamba n'kukoka yekha. Mikanda inamwazika m'matope, ana n'kuigwela ngati nkhuku pa gaga.

A Njobvu anati iwo sakaniza munthu kumasula mutu wake, koma akangoimba belu, mayina atsekedwa ndipo makalasi ayamba. Belu lathu ndi chigudumu chija cha galimoto chopachika pa mkuyu, amachimenya ndi kachitsulo. Nthawi yoimba inali itakwana kale. Udziwa wekha kuti za ulusi sizimasuka msanga.

Amake Kelly, aja a pafupi ndi chigayo, anayala chitenje chao pansi n'kumukhazika mwana. Anabwela wina, anabwelanso wina, ngakhale mai uja wa kamwana konunkha bele. Wina ndi munga, wina ndi kamtengo ka machesi, wina ndi pini ya pa bulauzi. Mutu umodzi, manja osawelengeka. Tinali kumukoka uku ndi uku, misozi ikutsika chifukwa cha kuwawa, koma iye akungoti kokani chabe, fulumilani.

Nanga ahedi? Anayamba kufunafuna kachitsulo ka belu. Anazungulila mkuyu, analowa mu ofesi, anatuluka, anafunsa ana a Giledi Foo kuti ndani wabisa chitsulo cha sukulu, nkhope ili yoopsa. Chikhalilecho kachitsuloko kanali kuonekela m'thumba lao la kumbuyo. Tonse tinali kukaona, ngakhale tiana ta mkaka, koma palibe anawauza.

Titamaliza, mutu unali nyankhalala ngati chisa cha mpheta. Anaimilila, anakonza yunifomu, anapita yekha pamaso pa ahedi. Dzanja linadutsa pamwamba bwinobwino. Sanakhudze nsonga chabe, Yvonne, anagwila khutu lonse n'kulikoka ngati afuna kulizula.

Nthungululu zake! Amake Kelly anavina m'matope. Ine ndinangokhala pansi n'kulila ndi chimwemwe. Pomwepo a Njobvu anapeza kachitsulo kao modabwa kwambili, ndipo belu linalila.

Koma mwana sanasiye khutu. Ali chigwilile anafunsa ahedi ngati aona bwino, iwo anati aona. Ndiye anawapempha kuti auze amai ake ku Lusaka, chifukwa iwo ndi ahedi, amai akakhulupilila. A Njobvu anandiyang'ana, ine n'kuwafotokozela za pa siteshoni paja. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane wa m'Baibulo, ndikulembele, ndipo ndinene kuti mboni ndi iwo pamodzi ndi sukulu yonse. Ndi iyi kalatayo.

Manje tili ndi mwana wa Giledi Wani panyumba, sitipuma. Amadzuka nkhuku zisanatsike, ati achedwa. Amakhala kutsogolo chifukwa cha ufupi, desiki imodzi ndi Kelly, ndipo awiliwo akhala ngati chala ndi chikhadabo. Akaweluka amasonkhanitsa nkhuku kuseli kwa nkhokwe n'kuziphunzitsa a, e, i, o, u ndi kamtengo m'manja. Mailo anauza a Julio kuti agwila pensulo molakwika. Pa Chisanu ndi tsiku langa lophika phala la ana ku sukulu, ndipo wandichenjeza kale kuti ndisakamuitane dzina la kunyumba pamaso pa anzake.

Ndine wokondwa, mng'ono wanga. Mwanayu wadzaza nyumba yanga. Usaganize kuti ndatopa naye kapena kuti ndifuna udzamutenge. Ukadzayesa kumuchotsa pa sukulu imeneyi tidzamenyana ngati kale, ndipo udziwa amene anali kupambana. Za tsitsi undikhululukile, chithunzi chimene unapempha sitinajambule, poti tinati tidzajambula poweluka.

Mikanda anzake anamubwezela, wina iwili, wina itatu, ina inachokela m'kamwa mwa tiana. Anaitsuka yekha n'kuiika m'kabotolo ka mafuta odzola, ulusi anaukulunga bwino, zonse zili pansi pa pilo. Ndinati ndimulukeko mukule wamba wogona pansi, wakana. Amake Kelly anayesa kumunyengelela, wakana. Amangopesa m'mawa n'kupita. Ati mutu umenewu ukuyembekeza amai ake, ndiwo adziwa kuluka kosatchinga khutu.

Sanandifunse kuti ubwela liti, ndipo chimenecho ndicho chikundiwawa. Iye sakayika. Akamva basi ikulila ku mseu waukulu amangoimitsa mutu pang'ono, kenaka n'kupitiliza zimene anali kuchita.

Ndidziwa kuti ntchito ya kwa eni ndi yovuta, ndipo sunapite kumeneko kukasewela. Sindikuweluza. Koma pempha masiku, ngakhale awili. Ngati sizitheka mwezi uno, sukulu itseka mu Epulo, chimanga chachiwisi chidzakhala chilipo, nshawa zako zophika ndidzakusungila. Undiyankhe kudzela kwa a Fabian, unene mwezi weniweni woti ndimuuze. Usatumize katundu wina m'malo mwako. Mitu ya eni waluka yambili, uno watsala ndi wako.

Upeleke moni kwa amalume ku Mtendele ndi banja lonse, uwauze kuti mankhwala a mawondo aja ndikali kufunafuna. Moni kwa anzako a mu saluni. A Julio akuti moni, ati ubwele ndi chipewa chachikulu chobisa khutu lao. Amake Kelly ndi madamu Abby akupeleka moni ngakhale sakukudziwa bwino. Mulungu wa amai athu akusunge, akudalitse m'manja mwako, akutsegulile njila ya kwanu.

Kuseli kwa pepalali kuli dzanja. Waliika yekha n'kulizungulila ndi pensulo, ati uike lako pamwamba uone mmene latalikila. Mbali yake wachita, Yvonne.

Ndine mkulu wako wokukonda,

Joana