Gitala Yomvera M'mafupa

Germiston,
Joni,
Mwezi wa Juni.

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi mukudzuka bwanji ndi mphepo ya ku Kandeu mwezi uno? Bondo lija likukulolani kutsikira kudimba? Nanga amayi ali bwanji? Ife kuno tili bwino, ine ndi mpongozi wanu Pauline, kungoti chisanu cha chaka chino chalusa, moti m'mawa madzi akumakana kutuluka pampopi.

Kalatayi ndalembera inuyo. Pafoni ndimacheza ndi aliyense pakhomopo kupatula inu, poti makutu anu anasiya kumva, ndipo zimandiwawa kuti mawu anga amakufikani kudzera m'manja mwa amayi akulozaloza. Ndiye ndati nditenge pepala. Muwerenge nokha mofatsa, ndipo chonde musaipinde musanafike kumapeto.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali kushopu kuja kokonza masofa ndi mipando. Magetsi akumazimazima, ndiye masiku ena timangokhala panja kuwothera dzuwa, abwana akuyendayenda ndi nkhope yokwinya ngati tawazimitsa ndife.

Amayi anandiuza kuti ukwati wa Sibongile ndi wa mu Okutobala. Anandiuzanso kuti inu mwanenetsa kuti m'tchalitchi simudzalowamo, mudzatsala pakhomo kuyang'anira mbuzi. Nditawaumiriza anandifotokozera chifukwa chake, kuti tsiku lina munapitiriza kuyimba anzanu atamaliza kale nyimbo, ana akumbuyo n'kuphulika kuseka, ndipo kuyambira pamenepo simunapondekonso. Ababa, ndinamva chisoni kwambiri. Inu amene munkanyamula besi ya kwaya yonse, mpaka azimayi ankati mukadwala nyimbo zimayenda zopanda miyendo! Sibongile ndi mzime wanu, ndipo akuti akumalira mobisa.

Tsono ndikuuzeni zimene zandisokoneza mutu kuno. Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina, a Lazarus, mtchona wa ku Dedza. Nawonso makutu anawasiya kumgodi, kumakina obowola miyala omwe aja anakugonthetsani inu. Ndinaona kuti Lamulungu lililonse amakhala pafupi ndi sipika, chikhatho atachigunditsa pamenepo. Mukundidziwa, chinthu chikandidabwitsa nsidze zimandiyabwa mpaka ndifunse. Ndinawalembera funso papepala. Anandiyankha kuti mawu a azimayi ndi kiyibodi samva n'komwe, koma besi imalowa padzanja n'kukafika pachifuwa, ndipo ndi imene imawauza pamene nyimbo yafika.

Zimenezi zinandikumbutsa anyamata a babatoni aja tinkawaona pamsika wa Nsipe, oyimba atakhalira gitala yawo yaikulu yopanga okha ija. Ndinadzifunsa kuti ngati chikhatho chokha chikumva chonchi, nanga munthu atakhala pagitala penipenipo, thupi lonse lingamve zotani?

Abwana anandilola kutola zidutswa za matabwa. Ndinakhoma bokosi lalitali ngati benchi, la mphako m'kati, loti anthu awiri n'kukhalapo. Kumapeto kwake ndinalumikizako khosi la gitala loloza m'mwamba mopendekera, kuti woyimba azikhala molitang'adza, womvera kumbuyo kwake. Nsambo anandipatsa ndi woyimba besi wa kutchalitchi, zakale zimene anachotsa pagitala yake. Gitala yangayi siifuna magetsi, poti ndinakumbukira kuti kwathuko kulibe.

Apa ndiye museke. Nditamaliza ndinaona kuti mkulu sangakhale pathabwa louma, n'kupanda ulemu. Ndinayala siponji yokhuthala, n'kukuta ndi nsalu yofiirira yabwino, n'kukhomerera bwinobwino monga ndimachitira ndi masofa a anthu olemera. Ndinaitana a Lazarus, anakhalapo, ine n'kuyamba kukhwacha nsambo mpaka chala kutuluka thuza. Nditatembenuka ndinapeza mkuluyo akusinza. Anandiyamikira kuti mpandowo ndi wofewa kwambiri, n'kufunsa kuti kodi kuyimbako ndiyamba nthawi yanji.

Ndinachita manyazi, koma ndinaphunzirapo. Ntchito yanga zaka zonsezi yakhala yoteteza anthu kuti asamve thabwa, ndiye manja anangochita zimene anazolowera. Siponji ija inkameza kunjenjemera konse. Ndinaikanganula yonse pamodzi ndi nsalu yanga yokongolayo.

Ulendo wachiwiri anakhala pathabwa lokhalokha. Nditangokoka nsambo yaikulu anadzambatuka n'kusuzumira pansi pa benchi, kuyesa kuti muli chamoyo. Kenako anakhalanso pang'onopang'ono, n'kundikodola kuti ndibwereze. Anandiuza kuti zikuyambira m'ntchafu, kukwera ndi msana, mpaka mano akuchita kuyabwa. Anaseka mpaka misozi.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa izi ndi izi. Ndimatseka makutu ndi thonje, n'kuvala zotchinga phokoso za kushopu, Pauline akukoka nsambo, ine nditakhala kumbuyo. Ndapeza kuti nsambo yaing'ono ija siifika m'thupi, imathera m'malere, ndiye ndinaichotsa, zatsala zitatu zikuluzikulu. Ndapezanso kuti bokosi likagona pasimenti mphamvu imathawira pansi, koma likaima pa timiyendo tifupitifupi imabwera yonse kwa wokhalapo. Chimene chikundizunguzabe n'chakuti thabwa lopepuka la paini likunjenjemera bwino kuposa thabwa lolimba lolemera, pamene ine ndinkayesa kuti lolimbalo ndiye lipambana. Mwina inu mungandimasulire. Kodi pansi pamgodi paja, mwala ukamafuna kugumuka, munkayamba kuumva ndi makutu kapena ndi mapazi? Sindinakufunsenipo zimenezi, ndipo tsopano ndikufunitsitsa kudziwa.

Mavuto sanalephere. Chipinda chathu n'chaching'ono, ndiye chinthuchi tikumachilumpha popita kukhomo. Mayi amene timachita lendi kwawo atachiona anagwira pakamwa, n'kufunsa Pauline monong'ona kuti wamwalira ndani. Pauline naye akuti chikuoneka ngati bokosi la maliro a munthu wa khosi lalitali. Ndasema ngodya zake kuti zikhale zobulungira, ndapakanso vanishi wowala, koma akuti tsopano changosanduka bokosi la maliro la munthu wolemera.

Koma nkhani yeniyeni inachitika Lamulungu lapitali masana. A Lazarus anabwera kudzadya nafe. Titatha kudya ndinakhala pamalo anga kuti ndiwayimbire, koma iwo anandikankha paphewa kuti ndichoke. Anatang'adza okha, n'kugwira khosi la gitala, n'kuyamba kukoka nsambo imodzi yokha, pang'onopang'ono, mofanana. Posakhalitsa ndinamva akung'ung'udza, kenako anatsegula pakamwa n'kuyimba nyimbo ya m'buku, ya Chichewa. Mawu anali osasa, ena opotoka, sindikunamizani. Koma sanathamange ndipo sanatsalire. Pauline anasiya mbale n'kulowa m'nyimbomo, inenso ndinalowa, ndipo tonse awiri tinkatsata iwowo. Atafuna kumaliza anamaliza, ifenso tinathera pomwepo.

Pamenepo ndinazindikira kuti ndinali nditaganiza chambuyo. Ine ndinkapanga mpando woti inu mukhalepo muzimva ena akuyimba. Koma wogwira besi satsalira m'mbuyo, chifukwa ndiye amene ena onse amamudikira. Malo anu si akumbuyo aja, Ababa. Malo anu ndi akutsogolo, pansambo.

Vuto linangokhala limodzi. Khosi ndinaliyeza ndi mkono wanga, ndipo a Lazarus ankachita kudzikoka kuti afike kumtunda. Ndikufunanso kukhoma m'mbali mwa khosilo timisomali ta mitu yobulungira tija timakongoletsera masofa, kuti chala chizipeza malo ake mongokhudza, osadalira khutu. Koma potikhoma pamadalira kutalika kwa khosi, ndipo kutalika kwa khosi kumadalira mkono wa mwiniwake. Mkono wanu ndimaudziwa pogwira khasu ndi pondiloza ndikalakwa, koma muyeso wake sindiudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge kachingwe kalikonse, ngakhale ka thumba la feteleza. Mutambasule mkono wamanzere, amayi agwire nsonga imodzi m'khwapa, inu mumange mfundo pamene chala chapakati chathera. Mukapatse a Eric a thiransipoti amene abweretsa kalatayi, adzabwera nako pobwerera.

Sindikulonjezani kuti mudzamva ngati kale, ayi. Zimene mgodi unatenga sindingazibweze ndi matabwa. Ine ndidzafika mu Seputembala ndi chinthuchi, kuti mukhale ndi nthawi yochiyesa m'nyumba, chitseko chotseka, popanda mwana aliyense wosuzumira. Chikakukanikani kapena mukadana nacho, tidzachiika pakhonde chikhale benchi, ndipo nkhaniyi sindidzaitchulanso. Sibongile sindinamuuze kanthu, kuti asayembekezere zimene inu simunavomere. Koma kunena zoona, Ababa, ndikulakalaka kuti mwana wanu polowa m'tchalitchi tsiku limenelo, mapazi ake adzayendere kugunda kochokera m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsapato za paukwati Pauline wazipeza kale. Moni kwa achemwali anga a Lufina ndi alamu, kwa amalume a ku Tsangano, ndi kwa azakhali pamodzi ndi zidzukulu zawo. Sibongile mumupatse moni wokhawokha. Pauline akuti muzifunda bwino.

Thabwa la khosi latsopano ndalipala kale, lili kuseri kwa chitseko. Sindilidula mpaka ndione chimene a Eric abweretse.

Ndine mwana wanu,
Gracian.