Vanishi Wouma Mlungu Wathunthu

El Alto, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene Efraín,

Ndikhulupirira muli bwino ku São Paulo pamodzi ndi alamu anga a Zenobia ndi ana. Msana uja unaleka, kapena mukuweramirabe pa makina osokera? Kuno tili bwino, kungoti chisanu chatikwana.

Ntchito yanga yoyeretsa nyali za galimoto ikuyenda, poti dzuwa la kuno silinyengerera pulasitiki. Mukudziwa mmene timakopera anthu. Timayamba takwecha nyali imodzi yokha ndi sandipepa wonyowa, wokhakhala kenako wosalala, mpaka iwale. Mwini galimoto akaiyerekeza ndi inzake yachikasuyo, amangoti malizani.

Loweruka lapitali bambo athu anabwera ndi minibasi yawo, ija sanalolepo kuti ndiikhudze. Anati nyali zachita chifunga, m'mamawa sakuona bwino msewu. Zinalidi zachikasu ngati mano a bulu. Ndinakondwa, achimwene. Ndinakwecha ya kumanzere ndi mtima wonse, n'kuwaitana kuti adzaone kusiyana kwake.

Anawerama, nayang'anitsitsa zonse ziwiri. Kenako anasisita ya kumanja, imene sindinaikhudze n'komwe, n'kunena kuti iyi ndiye ntchito, mwana wawo sanamulere pachabe. Ndinawayang'ana m'maso. Muli ng'ala, onse awiri. Mtima unandiwawa, koma ndinangothokoza.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Nditamaliza nyali zonse ndi kupaka vanishi, ndinawanamiza kuti amauma mlungu wathunthu, ndipo fumbi likangomugwera zonse zawonongeka. Chonsecho amauma tsiku lomwelo. Makiyi a minibasiyo ndili nawo ine. Munthu wotsika chitunda cha ku La Paz tsiku lililonse atanyamula anthu khumi ndi anayi, ndikanatani?

Mlunguwo ukutha Loweruka lino. Ine ndikatchula za dokotala wa maso andikalipira kuti anayamba kugwira chiwongolero ndisanamere mano. Inu ndinu oyamba kubadwa, amakumverani. Chonde aimbireni foni, muwauze asiye kaye kuyendetsa. Kuchipatalako ndiwaperekeza ndine.

Musachedwe. M'mawa uliwonse amabwera kudzakhudza nyali ndi nsonga ya chala. Lero atakhudza anandiuza kuti chala chawo sichinakalambe, vanishiyo ndi wouma gwa. Koma makiyi sanaitanitse.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti azakhali awo awasungira chuño, mbatatesi youmika ija.

Ndine mlongo wanu,
Nélida